Makina a Malemu Efulemu

Manja a Felesiya ankadziwika pa Nathenje ponse. Anali ong'ambikang'ambika ngati dothi la m'dambo nthawi yachilimwe, ndipo ankamveka fungo la sopo waufa ngakhale Lamulungu kutchalitchi. Kwa zaka zambiri mayiyu ankachapa makapeti a anthu. Ankawayala pasimenti pafupi ndi mjigo, n'kuwakwecha ndi bulashi atagwada, kenako n'kuwayanika pampanda. Aphunzitsi, anamwino ndi abusa ankamuyamikira kwambiri, koma kuyamikirako sikunkapoletsa msana.

Ntchito inamupeza yokha tsiku limene a Fanuel anamuitanitsa. Iwowa anali atamanga holo yochitiramo maukwati m'mphepete mwa msewu waukulu, ndipo anaikamo kapeti yofiira, yomata pansi kuchokera pakhomo mpaka kugome. Panalibe zoti munthu n'kuipinda kupita nayo kumjigo.

"Mayi a Tamanda, ukwati uli Loweruka," anatero a Fanuel. "Mukabwera ndi makina Lachisanu m'mawa, ntchito ya muno ikhala yanu sabata ndi sabata. Mukabwera ndi bulashi, ndiimbira anyamata a kutauni. Sikuti ndikukunyozani ayi, koma kapeti iyi mukaithira madzi a m'ndowa siingaume."

Felesiya anangoti, "Ndibwera ndi makina." Anayankha ngati makinawo ali kale kunyumba, pamene kunyumbako kunali mabulashi othetheka ndi ndowa zodontha.

Mayiyu ankadana ndi mawu akuti dikira, ndipo chifukwa chake chinalipo. Anabadwira pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Mitundu, kumene bambo ake anabwera kudzagwira utenanti kuchokera ku Mulanje. Chaka chilichonse bamboyo ankavala malaya ake abwino n'kupita kwa kapitawo kukapempha ulendo wobwerera kwawo. Chaka chilichonse kapitawo ankawagwira paphewa mwachikondi n'kunena kuti, "Pirirani pang'ono, bambo. Tikamaliza fodya uyu, lole ikakutulani kwanu." Iwo ankabwerera kunyumba osalankhula, n'kuvula malaya aja, n'kutenga khasu. Anamwalira lole isanabwere, ndipo anaikidwa m'mabulugamu a kumalire a esitetiyo, kumene ankaikako anthu obwera.

Zogula makina si kuti anayamba kuziganiza tsikulo. Anali atazungulirapo kale m'masitolo a kutauni, n'kuona makina amagetsi ang'onoang'ono, okongola, a mawilo ofewa. Wogulitsa wina anamuyatsira, makinawo n'kumalira mwaulemu ngati firiji. Felesiya anangoseka. Magetsi a pa Nathenje amabwera ngati mlendo, amachokanso osatsanzika. Angathime uli pakati pa holo ya mwiniwake, kapeti itanyowa theka, ndiye uziti chiyani? Iye ankafuna makina a injini ya petulo, oti uwalize wekha ndi chingwe, uwasiye panja utsi uzipita kumwamba, iwe n'kulowa m'nyumba ndi mapaipi. Atsopano a mtundu umenewu anangowasisita n'kuwasiya chifukwa cha kukwera mtengo. Koma sabata yomweyo mayi wina wa kutchalitchi anamutumizira chithunzi pafoni. Ku Mitundu kunali makina a injini ogwirapo kale ntchito, ndipo mwiniwake ankafuna achoke msanga.

Lachinayi m'mawa ananyamuka ndi a Noah, mwini pikiapu yakale imene inkanyamula chilichonse pa Nathenje, kaya mbuzi, mabelo a fodya, akwaya, ngakhalenso mabokosi a maliro. A Noah anali bambo wachikulire wosakonda zolankhula, ndipo nthawi zonse ankaluma kamtengo ka machesi.

Nyumba anaipeza kuseri kwa msika wa Mitundu. Asanaime n'komwe, a Noah anachepetsa liwiro. M'mbali mwa njira munali nthambi zouma zimene anthu amaika pamsewu posonyeza maliro, ndipo pabwalo panali phulusa la moto wa amuna. Mayi wina wowonda, wovala duku lakuda, anawalandira ndi mawu otsika. Dzina lake anali Masozi.

"Pepani mayi, sitimadziwa kuti pano pagwa zovuta," anatero Felesiya atagwada pakhonde.

"Zikomo. Tinaika sabata yatha. Anali amuna anga, a Efulemu. Makinawo anali awo."

Apa munthu wina akanabwerera. Katundu wa malemu satuluka pakhomo mwachangu chotero, achibale asanakhale pansi n'kumeta. Felesiya ankazidziwa zimenezi, koma ankadziwanso kuti mawa ndi Lachisanu.

Makinawo anali pabalaza penipeni, osati m'kachipinda kosungiramo katundu. Anakhala pakapeti yobiriwira yomata pansi, imene malemuwo ankaonetsera makasitomala luso lawo. Injini yake inali yofiira, ngati zija za mapampu othirira kudimba. Panali mathanki awiri, ina ya madzi oyera, ina yolandira madzi akuda amene makina ayamwa pakapeti. Mapaipi anali atakulungidwa bwino pambali, pamodzi ndi chitsulo chachitali cha kamwa yotakata chimene munthu amachikoka pakapeti.

Zikafika pa makina, Felesiya sankachita manyazi. Anasolola kachitsulo koyezera oilo n'kukaona pakuwala. Anatsina mapaipi m'litali monse kufunafuna pong'ambika. Anatsegula mawindo, anatsegula petulo, anaponda chitsulo chapansi n'kukoka chingwe. Injini inalira nthawi yomweyo, osatsokomola, osatulutsa utsi wakuda. Anaika dzanja pakamwa pa paipi yoyamwa ndipo inamugwira chikhatho mwamphamvu, moti anachita kuchizula. Mtima wake unadumpha ndi chimwemwe. Makina ngati amenewa ndi amene ankawalota.

Atazimitsa injini anayesa kuwapendeketsa, koma sanasunthe. Anagogoda thanki ya madzi oyera, inalira kuti ilibe kanthu. Anagogoda ya madzi akuda, inayankha mogonthera.

"Muli madzi umu," anatero. "Titayiretu. Makina sanyamulidwa ndi madzi m'thanki, amagwedezeka panjira n'kugwetsa zonse."

Anatambasula dzanja kuti aone mpopi wotayira, koma Masozi anamugwira pamkono. Zala zake zinali zozizira, m'nyumba mukutentha chonchija.

"Musatayire pano, mayi. Mukataye kutsogolo." Kenako anafunsa, "Mwati mumakhala pa Nathenje? Pamsewu waukulu uja wopita kumwera, umene mumadutsa mabasi a ku Blantyre?"

"Pomwepo."

"Ndiye zili bwino. Anabwera ena a kutauni dzulo, ndinawakana."

Felesiya sanamvetse kuti msewu ukukhudzana bwanji ndi malonda. Koma namfedwa satsutsidwa m'nyumba mwake, ndipo madzi akuda munthu angataye m'dambo lililonse. Anagwirizana, makina anakhala ake.

Masozi anaitana amuna amene anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Anabwera osapereka moni wambiri. Anthu onyamula katundu wolemera amachita phokoso, wina kulamula, wina kutukwana, wina kuseka. Awa ayi. Anazungulira makinawo, anawerama limodzi, anawakweza n'kuyenda pang'onopang'ono, mapazi akugwa pamodzi. Atafika pakhomo anaima n'kuwatembenuza kuti mbali ya mapaipi itsogole. Kukhomo kunali kotakata, akanatha kutuluka mulimonse.

Zomanga katundu anaziyang'anira Felesiya yekha. Anayala matayala akutha pansi kuti makina asamamenyeke pachitsulo. Anawaimika chilili, pafupi ndi kumene kumakhala dalaivala, kuti kulemera kusakhale kumchira. Anatseka petulo, anazula chipewa cha pulagi, anamanga malamba kumakona onse n'kuwakoka mpaka analira. Pamwamba anafunditsa lona yabuluu chifukwa cha fumbi. Atatembenuka kuti athokoze amuna aja, anawapeza akusamba m'manja m'beseni limene munali masamba. A Noah nawonso anaona. Analavula kamtengo ka machesi kaja ndipo sanatengenso kena.

Njira zinali ziwiri. Ina inali ya tala, yozungulira chakutauni, yabwino kwa makina koma yaitali. Ina inali yafumbi, yodutsa m'maesiteti n'kukatulukira pamsewu waukulu pafupi ndi Nathenje. A Noah analoza galimoto ku tala. Inayenda pang'ono, inayamba kutsokomola, n'kumanjenjemera ngati yamwa petulo wamadzi. Anaibweza kuti aione bwino pamthunzi, koma itangoloza kunjira yafumbi inalira bwinobwino.

"Yasankha yokha," anatero a Noah, osaseka.

Dzuwa linali pamutu. Minda inali yopsa, zigafa za fodya zitaima zopanda kanthu m'mbali mwa msewu. Anakumana ndi bambo wina wa njinga atasenza matumba a makala. Bamboyo anatsika panjinga, anapatukira kuudzu n'kuvula chipewa. Kutsogolo, amayi a pamjigo anasiya kupopa n'kuima chete mpaka galimoto itadutsa. Ana amene ankasewera mpira anautola n'kukhala pansi.

"Ndi lonayi," anatero Felesiya. "Akuona ngati tanyamula bokosi."

"Lona imeneyi ndanyamulira mbuzi, ndanyamulira simenti," anayankha a Noah. "Palibe anandivulirapo chipewa."

Anadutsa mabulugamu a kumalire a esiteti ija. Felesiya anayang'ana mbali inayo, monga ankachitira nthawi zonse akadutsa pamenepo.

Atafika padambo lina lopanda nyumba pafupi, anapempha kuti aime ataye madzi. Anakwera kumbuyo n'kupotokola mpopi. Unakana. A Noah anabwera ndi sipanala, anakanikiza mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka, koma mpopi sunasunthe. Chivindikiro cha pamwamba nachonso chinali ngati achiwotcherera. Galimoto inali itaima, injini itazima, mphepo kulibe. Ali chiimire choncho anamva madzi akuwinduka m'thanki, kuchoka mbali ina kupita ina, ngati munthu akutembenuka pamphasa.

"Akugwedezekabe ndi mabampu aja," anatero Felesiya. Mawu ake anatuluka ang'ono.

Anapitirira. Patsogolo panali kamtsinje kouma ndi mlatho wamatabwa. Matayala akutsogolo atangokhudza thabwa loyamba, galimoto inazima. A Noah anapotokola kiyi, koma sipanamveke ngakhale kulira kwa batire. Dalaivala wina akanatsika n'kutsegula boneti. Iwo anangochotsa manja pachiwongolero n'kuwaika pamaondo.

"Mayi a Tamanda, galimoto iyi ndimaidziwa. Imazima pamlatho ndikanyamula maliro amene sanauzidwe za ulendo. Tsopano ndiuzeni, m'thankimo muli chiyani?"

"Madzi a makapeti."

"Aimbireni mayi aja."

Masozi anayankha foni isanalire kawiri, ngati ankaidikira. Felesiya anaika mawu pamtunda kuti a Noah azimva.

"Mwafika pamtsinje eti?" anafunsa Masozi.

"Mayi, m'makinamu muli chiyani?"

Apa mayiyo anafotokoza. A Efulemu kwawo kunali ku Phalombe. Anabwera ku Mitundu ali mnyamata kudzagwira utenanti, anavutika zaka zambiri, mpaka anachoka pa esiteti n'kuyamba zochapa makapeti. Nyimbo yawo inali imodzi, yoti akadzafa akawaike kwawo. Koma imfa inabwera mwadzidzidzi, kunja kukutentha, galimoto yopita kutali sinapezeke, ndipo anaikidwa ku Mitundu komweko.

"Powasambitsa, anawasambitsira pabalaza paja," anatero Masozi. "Beseni linapendekeka, madzi onse analowa m'kapeti. Mng'ono wawo, pofuna kuti anthu apeze pokhala, analiza makina n'kuyamwa madziwo. Anaganiza kuti akuthandiza."

A Noah anagwira pakamwa. Madzi osambitsira maliro sasungidwa. Adzukulu, amene amagwira ntchito zonse za maliro, amawakumbira kadzenje kuseri kwa nyumba, amawathiramo n'kukwirira, zonse zithere pamodzi ndi thupi. Awa anali atakhala m'thanki sabata yathunthu.

"Titakumbukira, adzukulu aja anabwera kuti akathire kudzenje, koma mpopi unakana," anapitiriza Masozi. "Masana aliwonse madziwo amawinduka. Ine ndinamva zimene akufuna. Thupi lawo tinaliika kuno iwo asakufuna. Chatsala chawo ndi madziwo basi."

"Ndiye mwandigulitsa maliro?" Felesiya anafunsa, mkwiyo utaposa mantha.

"Ndakugulitsani makina abwino, mayi. Mwawaona nokha. Ine ndilibe mphamvu yofikira ku Phalombe, ndipo sindingachoke pakhomo tisanamete. Inu muli pamsewu. Mudzi wawo ndikutumizirani pafoni, alongo awo alipo, akudziwa pothira. Pepani. Ndikanakuuzani, simukanatenga."

Foni inaduka. Kunja kunali zii, kupatula nyenje zimene zinkalira m'mitengo.

"Tsikani mukalankhule nawo," anatero a Noah. "Wolankhula ndi inu, chifukwa mwawatenga ndinu. Muwauze dzina lanu, muwauze pamene tafika, muwauze kumene tikupita. Ndi mmene timachitira."

Felesiya anatsika. Anakonza chitenje, anagwada pafumbi pafupi ndi tayala lakumbuyo, n'kuwomba m'manja pang'ono. Ankadziona ngati wopenga, mayi wamkulu wa mpingo kugwadira thanki masanasana.

"Bambo Efulemu, ndine Felesiya wa pa Nathenje. Tafika pamtsinje. Tiloleni tiwoloke."

Sipanachitike kanthu.

"Kumene tikupita," anakumbutsa a Noah ali pawindo.

Felesiya anaganiza za kapeti yofiira ija, za anyamata a kutauni ndi galimoto yawo yolembedwa m'mbali, za maondo ake pasimenti ya kumjigo.

"Tikupita kwanu, bambo."

A Noah atangokhudza kiyi, galimoto inalira. Inawoloka mlatho mopepuka, ndipo kuchokera pamenepo inathamanga ngati ilibe katundu. Mabampu sankamveka. A Noah anachita kuponda mabuleki pamalo okwera.

Msewu wafumbi unathera pa tala. Kumanja kunali kumwera, ku Diamphwe, ku Dedza, mpaka kutali kumene kuli Phalombe. Kumanzere, pafupi pomwepo, ankaoneka malata a pa Nathenje ndi maminibasi ataima pasiteji. A Noah anayang'ana Felesiya.

"Kumanzere," iye anatero.

Atangopotokola chiwongolero, galimoto inazima, mphuno ili pa tala, mchira uli pafumbi. Lole yaikulu inadutsa ikuliza hutala, mphepo yake n'kugwedeza lona. M'thanki madzi anamenya chitsulo mwamphamvu, moti malamba analira.

"Womwalira sanamizidwa, mayi," anatero a Noah. Aka kanali koyamba kuti Felesiya awamve atakwiya. "Wamoyo mukamunamiza amakutukwanani, zimatha. Uyu alibe kwina kopita, ali ndi inu nokha."

"Ndiye nditani? Mawa ndi Lachisanu. Ndikapita ku Phalombe lero, ntchito yapita."

"Auzeni zoona. Akakana, akana."

Anatsikanso. Ulendo uno sanagwade, chifukwa anthu a njinga zakabaza anali atayamba kuyang'ana. Anangoima pafupi n'kulowetsa dzanja pansi pa lona. Thanki inali yofunda ngati thupi la munthu.

"Bambo Efulemu, ndinalakwa. Sitikupita kwanu lero. Ndili ndi ntchito imodzi mawa, inu mukuidziwa ntchito imeneyi. Loweruka m'mawa ndikwera nanu basi, ndikakuperekani m'manja mwa alongo anu. Ndikulonjeza."

Ponena mawuwa sankanama. Ankaona ndithu m'maganizo mwake atakhala m'basi, zigubu zili pamapazi. Madzi anakhala bata, ndipo galimoto inalira.

Kunyumba, makina atatsitsidwa, mpopi uja unatseguka ndi zala ziwiri. Felesiya anatchera zigubu zoyera. Madziwo sanali akuda ngati a kapeti. Anali otuwa, ofunda, ndipo ankanunkhira sopo wosambira. Anadikira mpaka dontho lomaliza, anatseka zigubu mwamphamvu n'kuziika m'kachipinda, pamwamba n'kuphimba chitenje chatsopano. Thanki anaitsuka bwinobwino. Tsopano makina anapepuka, moti ankatha kuwapendeketsa yekha.

"Mawa ndikunyamulani kupita kuholo ndi kubwerera," anatero a Noah potsanzika. "Loweruka ndikakutulani pasiteji ndi zigubu zanu. Zikakhala zina, musandiitane."

Lachisanu ntchito inayenda mokoma kuposa mmene Felesiya ankalotera. Makina anawaimika panja pakhonde, utsi ukupita kumsewu, iye n'kulowa ndi mapaipi. Chitsulo chija chikadutsa pakapeti chinkasiya mzere wofiira ngati watsopano. Mafuta a nyama, dothi la nsapato, zakumwa zotayika pa maukwati onse a chaka chino, zonse zinkakwera m'paipi. Iye anali asanagwirepo chitsulo choterocho, koma manja ake ankadziwa pokanikiza ndi popepuza, pobwereza ndi podutsa kamodzi. Zinali ngati wina wamugwira m'mikono n'kumamutsogolera. M'makona chitsulocho chinkalowa chokha. Chimodzi chokha ndi chimene chinkamusowetsa mtendere. Akangofooketsa manja kuti apukute thukuta, chitsulocho chinkatsetsereka pang'onopang'ono kulunjika kukhomo la kumwera.

Pofika masana kapeti inali itauma. A Fanuel anavula nsapato n'kuyendapo ndi masokosi, akugwedeza mutu.

"Anyamata a kutauni sanaifikitsepo apa," anatero. "Ntchito ndi yanu, mayi."

Felesiya anatuluka panja kuti asalire pamaso pawo. Anatsegula mpopi n'kutayira madzi akuda m'ngalande. Anatuluka akuda bii, onunkha fumbi ndi mowa, mpaka anatha. Anapendeketsa makina kuti otsalira atuluke, anatseka, n'kuitana alonda a paholo kuti amuthandize kukweza m'galimoto.

Alondawo anawerama, anakweza pang'ono, n'kubwezeranso pansi.

"Mayi, simunataye madzi?"

"Ndataya pompano, mwaona nokha."

"Ndiye chikulemera n'chiyani? M'mawa tinatsitsa mosavuta."

Felesiya anatsegula chivindikiro. M'thanki munali mopanda kanthu, pansi pake pakuoneka. Koma fungo limene linatuluka silinali la fumbi kapena mowa. Linali la sopo wosambira. Anatseka msanga. Sanafunikire kuthamangira kunyumba kukagwedeza zigubu zija, ankadziwa kale kuti akazipeza zopepuka. Mwini makina anali atabwera kuntchito.

Alonda anaitana anzawo, ndipo makina anakwera movutikira. Felesiya ali mkati momanga malamba, a Fanuel anatulukira ndi bambo wina wa mimba yaikulu, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Awa ndi anzanga, ali ndi malo ogona alendo kunjira ya kutauni," anatero a Fanuel. "Aona kapeti yanga. Zipinda zawo zonse n'zamakapeti, ndipo Lolemba akulandira alendo a msonkhano."

"Ndikufuna muyambe mawa m'mawa," anatero bamboyo. "Mukagwira ngati apa, sindidzafunanso wina. Mukhoza?"

Mawa linali Loweruka. A Noah anali atatsamira chitseko cha galimoto, maso ali pansi, koma makutu ali komweko. Felesiya anayang'ana manja ake. Lero lokha sanatuluke magazi m'ming'alu. Phalombe sathawa, anaganiza. Munthu amene wadikira zaka zonsezi angalephere kudikira masiku ochepa?

"Ndikhoza, bwana," anayankha.

Azibambo aja atachoka, a Noah analowa m'galimoto. Felesiya anakhala pambali pawo. Anapotokola kiyi, ndipo monga onse awiri ankayembekezera, sipanamveke chilichonse.

"Ndikakutulani kunyumba chifukwa ndinalonjeza," anatero a Noah. "Mawa mupeze galimoto ina. Pitani mukawauze."

Felesiya anazungulira kumbuyo. Dzuwa linali litapendeka, ndipo pamsewu waukulu basi ya kumwera inadutsa itadzaza katundu pamwamba. Anaiyang'ana mpaka inazimiririka. Kenako anaika dzanja pathanki, mofatsa, ngati mmene munthu amagwirira mnzake paphewa.

"Pirirani pang'ono, bambo. Tikamaliza ntchito iyi, ndikakutulani kwanu."

Mawuwo atangotuluka anawazindikira. Anawamva koyamba ali kamtsikana, ataima kuseri kwa bambo ake pakhomo la kapitawo. Ngakhale kukoma kwa mawu kunali komweko.

Anadikira kuti madzi amenye chitsulo ngati dzulo. Mumtima ankafuna kuti amenye, kuti malamba aduke, kuti galimoto ikane mpaka iye agonje. Koma m'thanki munangomveka kuwinduka kamodzi, pang'ono, kenako bata. Kutsogolo a Noah anakhudza kiyi ndipo injini inalira mosavuta.

Felesiya ankakudziwa kukhala chete kumeneko. Bambo ake ankabwera nako kunyumba chaka chilichonse, n'kuvula malaya abwino, n'kutenga khasu.